Kryo ndi class loader yanuyanu: kuwerenga ma class a mu plugin popanda ClassNotFoundException

Mwalemba pulogalamu ya Java yolandira ma plugin, plugin iliyonse mu jar yakeyake. Kusunga object mu fayilo kwayenda bwino. Pofuna kuiwerenganso, Kryo, laibulale yosandutsa ma object kukhala ma byte n'kuwabwezanso, ikukana ndi mawu akuti "Unable to find class", kapena Java ikuponya ClassNotFoundException, pamene jar mukuiona ndi maso anu mu foda. Jar ilibe mlandu. Laibulale yanu ikufunsa class kwa class loader, gawo la Java lolowetsa ma class mu memory, koma loader imeneyo sinaionepo jar yanuyo.

Tigwiritse ntchito chitsanzo cha kuno kumpoto. Tiyerekeze kuti mukulembera pulogalamu gulu la alimi lomwe ofesi yake ili muno mu Mzuzu, koma limagula khofi ku mapiri a Misuku ndi Phoka, komanso mpunga wa Kilombero ku Karonga. Ogula amanyamula laputopu kupita kumene netiweki ndi yosadalirika, amalemba zogula tsiku lonse, kenako amatumiza fayilo ku seva ya ku Mzuzu akafika pomwe foni ikugwira. Khofi ali ndi malamulo ake a giredi ndi mitengo, mpunga uli ndi ake, ndiye mbewu iliyonse mwaipatsa plugin yake kuti mtengo wa khofi ukasintha musamapange pulogalamu yonse kachiwiri. Kryo mwaisankha chifukwa ma fayilo ake ndi aang'ono, ndipo bandulo ya intaneti si yaulere.

Zoyenera kumvetsa musanagwire kiyibodi

Kwa JVM, imene imayendetsa mapulogalamu a Java, dzina la class palokha silikwanira. Class imadziwika ndi zinthu ziwiri: dzina lake lonse, ndi loader imene inailowetsa. Zili ngati fomu ya ku boma imene imafunsa dzina, mudzi ndi mfumu yaikulu. Anthu awiri angakhale ndi dzina lofanana chilembo ndi chilembo, koma ngati mudzi ndi wosiyana, ndi anthu awiri. Choncho mukalowetsa khofi.jar ndi ma loader awiri, mumakhala ndi ma class awiri a Khofi, ndipo Java idzakuuzani zooneka ngati zopenga, kuti Khofi sangasandutsidwe Khofi. ClassCastException yamtunduwu ikatuluka, musataye nthawi kufufuza dzina, fufuzani loader.

Chachiwiri ndi mmene ma loader amafunsirana. JVM ili ndi ma loader atatu ake: bootstrap, platform, ndi application, imene imawerenga classpath yanu, mndandanda wa ma jar ndi ma foda amene mumapatsa Java poyendetsa pulogalamu. Asanabwere Java 9 mu 2017, yapakatiyo inkatchedwa extension. Loader ikapemphedwa class, imayamba yafunsa kholo lake, ndipo imafufuza yokha pokhapokha kholo litalephera. Funso limakwera m'mwamba basi. Mwana amaona ma class a kholo, koma kholo silioona a mwana. Kryo imakhala pa classpath, ndipo mukapanda kuiuza kanthu imagwiritsa ntchito loader imene inailowetsa iyoyo. Khofi ali mwa mwana, loader ya plugin. Gwero la vuto lonse ndi limeneli.

Gawo 1: Gawani ma jar moyenera

Pangani jar yaing'ono, api.jar, yokhala ndi zinthu zokhazo zimene pulogalamu yaikulu ndi ma plugin ayenera kugwirizana, monga interface ya mw.msika.api.Katundu. Jar imeneyi pamodzi ndi Kryo zikhale pa classpath yaikulu. Class ya mw.msika.khofi.Khofi ikhale mu plugins/khofi.jar, kunja kwa classpath.

Popanga plugin, api ndi Kryo muzilembe kuti provided ngati muli pa Maven, kapena compileOnly pa Gradle, kuti zisalowe m'kati mwa khofi.jar. Ndi URLClassLoader wamba, kope yowonjezera ya Katundu ingangokhala chete chifukwa kholo limayankha poyamba. Koma tsiku limene mudzasamutsire pulogalamu ku malo amene mwana amayamba wafufuza yekha, monga mmene Tomcat amachitira ndi ma web application kapena Flink ndi code ya wogwiritsa ntchito, kope ija idzadzuka n'kukhala Katundu wachiwiri.

Gawo 2: Pangani loader ya plugin

```java
URL[] malo = { Paths.get("plugins/khofi.jar").toUri().toURL() };
URLClassLoader loader =
    new URLClassLoader(malo, Katundu.class.getClassLoader());
Class<?> khofi = loader.loadClass("mw.msika.khofi.Khofi");
```

Kholo mwalitchula nokha, ndipo ndi loader imene inalowetsa Katundu. Ngati mukulozera foda m'malo mwa jar, URL yake ithere ndi /, apo ayi Java idzaiyesa jar. Loader imeneyi ipangeni kamodzi, muisunge mu Map pansi pa dzina la plugin. Aliyense wofuna Khofi azitenga loader yomweyo. Kupanga loader yatsopano pa fayilo iliyonse yobwera kuchokera ku Misuku ndiko kubereka ma Khofi ambirimbiri osadziwana.

Pa intaneti mudzapeza malangizo akale onena kuti mutenge system class loader, muisandutse URLClassLoader, n'kuikamo jar yanu mokakamiza. Zimenezo zinatha ndi Java 8. Kuyambira Java 9 loader imeneyo si URLClassLoader ayi.

Gawo 3: Uzani Kryo loader yoti igwiritse ntchito

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa Kryo ili ndi njira ziwiri zolembera mtundu wa object, ndipo loader imalowa mosiyana pa njira iliyonse.

Njira yoyamba ndi ya dzina. Mukazimitsa lamulo lolembetsa ndi setRegistrationRequired(false), Kryo imalemba dzina lonse la class mu fayilo. Powerenga imatenga dzinalo n'kukafunsa loader. Apa mzere umodzi ndi umene umachiza:

```java
Kryo kryo = new Kryo();
kryo.setClassLoader(loader);
```

Njira yachiwiri ndi ya nambala. Mu Kryo 5 kulembetsa ma class ndi lamulo pokhapokha mutalizimitsa, pamene mu Kryo 4 zinali zosemphana. Mukalembetsa, mu fayilo mumalowa nambala yokha, ndipo powerenga Kryo imabweza Class yomwe munaipatsa polembetsa. Sifunsanso loader aliyense. Ndiye funso la loader lasamukira pa mzere wa register: Class imene mukulembetsayo yachokera kwa ndani?

```java
kryo.setClassLoader(loader);
kryo.register(loader.loadClass("mw.msika.khofi.Khofi"), 100);
kryo.register(loader.loadClass("mw.msika.khofi.Giredi"), 101);
kryo.register(ArrayList.class, 20);
kryo.register(LocalDate.class, 21);
kryo.register(BigDecimal.class, 22);
```

Ine ndimakonda ya nambala, ndipo ndikukulimbikitsani yomweyo. Fayilo imachepa, ndipo chachikulu, munthu amene wasokoneza fayilo panjira sangauze seva yanu kuti ipange object ya class iliyonse imene waifuna. Nambala muzilemba nokha. Mukasiyira Kryo, imapereka manambala motsata ndondomeko imene mwalembetsera, ndiye laputopu ndi seva zikasiyana mzere umodzi, Giredi adzawerengedwa ngati Khofi. Manambala oyambirira Kryo imasungira String ndi mitundu monga int ndi long, n'chifukwa chake ndayambira pa 20. Gawanani malire: khofi atenge 100 mpaka 199, mpunga 200 mpaka 299, ndipo nambala imene yagwirapo ntchito musadzaipatsenso class ina.

Pulogalamu yaikulu siyenera kudziwa ma class onse a khofi. Ikani method mu api, mwachitsanzo void lembetsani(Kryo kryo), kuti plugin iliyonse izilembetsa zake. Plugin ikalemba kryo.register(Khofi.class, 100) m'kati mwake, Khofi.class imachokera kwa loader yoyenera popanda inu kuvutika. Izi zimatheka pokhapokha Kryo ndi imodzi, ya kwa kholo, monga tanenera pa gawo 1.

Ngati Khofi alibe constructor yopanda ma parameter, Kryo idzadandaula powerenga. Onjezani constructor yotero, kapena lembani:

```java
kryo.setInstantiatorStrategy(
    new DefaultInstantiatorStrategy(new StdInstantiatorStrategy()));
```

Dziwani kuti njira imeneyi, yochokera mu laibulale ya Objenesis, imapanga object osadutsa mu constructor, ndiye chilichonse chimene constructor yanu imakonza sichidzakonzedwa.

Gawo 4: Fayilo izinena yokha mwini wake

Seva ya ku Mzuzu ikalandira fayilo, idziwa bwanji kuti ndi ya khofi kapena ya mpunga isanaiwerenge? Musadalire dzina la fayilo, chifukwa fayilo imene yayenda pa flash disk ndi pa WhatsApp imasinthidwa dzina mosavuta. Lembani mutu waufupi kumayambiriro, wopangidwa ndi zinthu zosafuna plugin.

```java
try (Output out = new Output(new FileOutputStream("zogula.bin"))) {
    out.writeString("khofi");
    out.writeInt(1);
    kryo.writeClassAndObject(out, katundu);
}

try (Input in = new Input(new FileInputStream("zogula.bin"))) {
    String plugin = in.readString();
    int version = in.readInt();
    Kryo kryo = tenganiKryo(plugin, version);
    Katundu k = (Katundu) kryo.readClassAndObject(in);
}
```

Method ya tenganiKryo mumalemba nokha, kuti izibweza Kryo ya plugin yotchulidwa pa mutuwo. Onani kuti powerenga tikusandutsa object kukhala Katundu, osati Khofi. Pulogalamu yaikulu singathe kutchula Khofi, ndipo siyenera kutero. Zonse zimene ikufuna, monga kulemera ndi ndalama zolipira mlimi, zidutse mu interface.

Gawo 5: Loader iliyonse ikhale ndi ma Kryo ake

Anthu ambiri amayesa kusunga Kryo imodzi n'kumangosintha setClassLoader fayilo ikabwera. Musatero. Kryo imakumbukira. Ikapeza class kudzera pa dzina, imaisunga m'kati kuti isadzafunsenso, ndipo kusintha loader sikufufuta zimene yasungazo. Ma class olembetsedwa ndi ma serializer ake nawonso amatsalira. Zotsatira zake ndi zowawa: fayilo ya plugin yatsopano imawerengedwa ndi class ya plugin yakale, popanda chenjezo lililonse, mpaka ClassCastException idzatulukire kutali ndi pomwe vuto linayambira.

Komanso Kryo imodzi siyenera kugwiritsidwa ntchito ndi ma thread awiri nthawi imodzi. Madzulo ogula onse akamatumiza pamodzi, seva yanu idzakhala ndi ma thread angapo. Kryo 5 ili ndi Pool yothandiza pa izi, ndiye plugin iliyonse ipatseni Pool yake, yosungidwa pamodzi ndi loader yake.

```java
Pool<Kryo> pool = new Pool<Kryo>(true, false, 8) {
    protected Kryo create() {
        Kryo kryo = new Kryo();
        kryo.setClassLoader(loader);
        kryo.setDefaultSerializer(CompatibleFieldSerializer.class);
        plugin.lembetsani(kryo);
        return kryo;
    }
};

Kryo kryo = pool.obtain();
try {
    // werengani kapena lembani
} finally {
    pool.free(kryo);
}
```

Mzere wa CompatibleFieldSerializer ndauika dala. Serializer imene Kryo imagwiritsa ntchito mukapanda kusankha siilola kuonjezera kapena kuchotsa field. Mukatero, ma fayilo akale sawerengeka. Kwa ife izi si nkhani yongoganizira, chifukwa laputopu imene ili ku Phoka ingathe kukhala ndi plugin yakale kwa nthawi ndithu seva itasinthidwa kale. CompatibleFieldSerializer imalemba mayina a ma field mu fayilo, ndiye imakula pang'ono, koma imapirira field yatsopano. Kusintha dzina la field kapena mtundu wake siilola. Isankheni musanatulutse fayilo yoyamba, ndipo ikhale mbali zonse ziwiri, chifukwa zolembedwa ndi serializer ina siziwerengeka ndi inzake.

Ngati simukugwiritsa ntchito Kryo

Serialization ya Java yeniyeni ili ndi vuto lomweli m'njira yobisika kwambiri. ObjectInputStream imasankha loader poyang'ana code imene yaiitana, ndipo ngati ndi pulogalamu yaikulu, Khofi sadzapezeka. Mankhwala ake ndi kulemba resolveClass yanu.

```java
class Wowerenga extends ObjectInputStream {
    private final ClassLoader loader;

    Wowerenga(InputStream in, ClassLoader loader) throws IOException {
        super(in);
        this.loader = loader;
    }

    @Override
    protected Class<?> resolveClass(ObjectStreamClass desc)
            throws IOException, ClassNotFoundException {
        try {
            return Class.forName(desc.getName(), false, loader);
        } catch (ClassNotFoundException e) {
            return super.resolveClass(desc);
        }
    }
}
```

Apa gwiritsani Class.forName, osati loader.loadClass. Array ya Khofi imalembedwa mu fayilo ndi dzina ngati "[Lmw.msika.khofi.Khofi;", ndipo loadClass siimva dzina lotere. Kubwerera kwa super kumathandiza pa mitundu monga int. Ngati muli kale ndi Apache Commons IO, class ya ClassLoaderObjectInputStream imachita zomwezi. Lembaninso serialVersionUID pa class iliyonse, kupanda apo kusintha kwakung'ono kudzabweretsa InvalidClassException.

Pa njira imeneyi chitetezo musachisiye. Kuyambira 2015, pamene zinaonetsedwa poyera kuti ma class ena a Apache Commons Collections angagwiritsidwe ntchito kuyendetsa malamulo a wachiwembu pa seva kudzera mu fayilo yosokonezedwa, palibe amene ayenera kuwerenga ma byte ochokera kunja popanda sefa. Java 9 inabweretsa ObjectInputFilter:

```java
in.setObjectInputFilter(ObjectInputFilter.Config
    .createFilter("mw.msika.**;java.base/*;!*"));
```

Sefa imeneyi ikulola ma class anu ndi a java.base, n'kukana ena onse.

Pa Jackson, laibulale ya JSON, loader imafunika pamene JSON ili ndi dzina la class m'kati. Lembani mapper.setTypeFactory(mapper.getTypeFactory().withClassLoader(loader)), ndipo plugin iliyonse ikhale ndi ObjectMapper yake. Pa Avro, laibulale inanso yosungira ma object, pangani new SpecificData(loader) n'kuipereka kwa SpecificDatumReader. Mukapanda kutero ndipo class sinapezeke, mungalandire GenericData.Record m'malo mwa class yanu.

Pali malaibulale ena opanda malo oikapo loader, koma amayang'ana context class loader ya thread. Kwa amenewo:

```java
Thread t = Thread.currentThread();
ClassLoader yakale = t.getContextClassLoader();
t.setContextClassLoader(loader);
try {
    // itanani laibulale
} finally {
    t.setContextClassLoader(yakale);
}
```

Finally ameneyo musamuiwale. Ma thread a seva amabwerezedwa, ndipo thread imene yatsala ndi loader ya khofi idzapita nayo kukawerenga mpunga. Njira imeneyi ndimaiika kumapeto chifukwa wowerenga code yanu saona msanga kuti loader yachokera kuti. Pamene laibulale ili ndi method yake, gwiritsani imeneyo.

Gawo 6: Yesani monga mmene zidzakhalire pa seva

Mu IntelliJ kapena Eclipse, ma module onse nthawi zambiri amakhala pa classpath imodzi. Zikatero kholo limapeza Khofi, loader yanu imangokhala, ndipo mayeso onse amapambana. Vuto limadzaonekera pa seva, alimi akudikira ndalama zawo. Choncho pangani khofi.jar yeniyeni, muiike mu foda ya plugins, muyendetse pulogalamu kuchokera pa terminal, kenako musindikize izi:

```java
System.out.println(k.getClass().getClassLoader());
System.out.println(Katundu.class.getClassLoader());
```

Mzere woyamba uonetse URLClassLoader yanu, wachiwiri uonetse AppClassLoader. Onse awiri akaonetsa AppClassLoader, khofi.jar yazembera pa classpath. Kuti muone jar imene class iliyonse yachokera, onjezani -verbose:class poyendetsa java, kapena -Xlog:class+load pa Java 9 kupita m'tsogolo. Mayeso ena ofunika ndi kulemba fayilo mu JVM imodzi, kuitseka, n'kuiwerenga mu JVM ina. Sunganinso fayilo imodzi yolembedwa ndi version iliyonse ya plugin, ndipo version yatsopano isatuluke isanawerenge onsewo.

Gawo 7: Kusintha plugin seva ili moyaka

Nyengo yogula khofi ili pakati, mitengo yasintha, ndipo mukufuna kuika khofi.jar yatsopano osazimitsa seva. Ikani jar yatsopano ndi dzina lina, monga khofi-2.jar. Musalembe pamwamba pa yakale, chifukwa loader yakale idakali kuiwerenga, ndipo pa Windows fayiloyo imakhala yokhomedwa. Pangani loader yatsopano ndi Pool yatsopano, musinthe mu Map, mudikire ntchito zimene zinayamba ndi yakale zithe, kenako muitane loader.close(), method imene URLClassLoader ili nayo kuyambira Java 7. Mukatseka msanga, ma class olowetsedwa kale apitiriza kugwira ntchito, koma class imene inali isanafunidwe idzalephera ndi NoClassDefFoundError.

Ma object a Khofi wakale amene ali mu memory si a Khofi watsopano. Ofunika kuoloka, alembeni ndi Kryo yakale n'kuwawerenga ndi yatsopano.

Kutseka loader kumangomasula jar. Sikuchotsa ma class mu memory. JVM imawachotsa pokhapokha palibe chilichonse cholozera loader, class yake iliyonse, kapena object yake iliyonse. Kryo imodzi yotsala mu ThreadLocal, ObjectMapper yakale, kapena Khofi mmodzi woiwalika mu cache, ndi zokwanira kugwira loader yonse. Mukasintha plugin kambirimbiri zili choncho, seva idzagwa ndi OutOfMemoryError: Metaspace, dera limene Java imasungamo ma class kuyambira Java 8. N'chifukwa chake Pool ikuposa ThreadLocal pa ntchito iyi: Pool mumaitaya kamodzi, pamene ThreadLocal imamwazikana m'ma thread onse. Mukamaliza kusintha, yendetsani jcmd <pid> GC.run kenako jcmd <pid> VM.classloader_stats, muwerenge ma URLClassLoader otsala. Ngati akuchuluka ndi kusintha kulikonse, tengani heap dump, fayilo ya zonse zimene zili mu memory, muitsegule mu Eclipse Memory Analyzer, mufufuze njira yochokera pa loader yakale kukafika ku GC root, chinthu chimene JVM imaona kuti chikugwirabe ntchito; chinthu chimene chili pa njirayo ndi chimene muyenera kuchimasula mu code yanu.